Ndege Nayonso Ipuma

Anthu ambiri akaona ndege maso ao athamangira ku mapiko. Si kulakwa kutero iai, pakuti mapikowo ndiwo ainyamula, ndiponso ndiwo aifananitsa ndi mbalame. Koma ine ndifuna kuti anzanga ndi aphunzitsi amene muwerenga magazini ino muyang'ane malo awiri amene satamandidwa kawiri-kawiri, ndiwo kamwa pamene mpweya ulowera mu injini, ndi mchira pamene utulukira. Ndiri ndi chifukwa polemba izi. M'kalabu yathu ya Sayansi mwabuka mkangano wa chimene tidzaonetse makolo ndi alendo pa tsiku lotsekera sukulu. Ndarama zimene tinasonkha n'zochepa, sizingakwanire zinthu ziwiri, ndipo ine ndiri mbali imodzi ya mkanganowo. Tsono ndaona kuti ndi bwino ndiyale maganizo anga poyera kuti ali yense aweruze yekha.

Kwathu ndi ku Madziabango, m'boma la Blantyre. Kumeneko ndege tingoziona ziri m'mwamba, ndipo palibe mnyamata wa kwathu amene sanapangepo yache ya mapesi kapena ya mawaya pamene anali ku ubusa. Ya mapesi sibvuta. Usenda phesi louma, khungu lache lisanduka misomali, mtima wache wofewa usanduka thupi ndi mapiko, ndipo pansi pa mapiko ubayapo tizidutswa tiwiri n'kunena kuti timeneto ndi mainjini. Tizidutswato tiribe bowo kutsogolo kapena kumbuyo, ndipo kwa mwana woweta mbuzi zimenezo zikwanira.

Ndege yeni-yeni ndinaionera pafupi chifukwa cha amalume anga a ku Lirangwe, amene nchito yao ndiyo kukhoma zidebe, makeni othirira kudimba ndi mbaula. Pa tchuthi ndikhala kwao kuwathandiza kudula malata, ndipo masiku ena andibwereka njinga yao kuti ndikafike ku bwalo la ndege ku Chileka. Munthu ukaima kunja kwa mpanda ndi kutchera khutu, umva chinthu chodabwitsa. Ndege ya jeti ikakulozetsa mphuno ilira ndi mau akuthwa onga likhweru. Ikatembenuka ndi kukulozetsa mchira, mau aja asanduka bingu logwedeza chifuwa. Injini ndi yomweyo, koma iri ndi mau awiri chifukwa iri ndi makomo awiri.

Bwalo limeneli liri ndi mbiri yache. Ndi pamenepo Dr Kamuzu Banda anatera pa 6 July 1958 atakhala kunja zaka zambiri, ndipo kufikira pamene bwalo la Kamuzu ku Lilongwe linatsegulidwa mu 1983, khomo lalikulu la dziko lathu linali lomweli. Air Malawi, imene inayamba mu 1964 nitha mu 2013, inaulutsa pamenepa ndege za Viscount, za BAC One-Eleven, ndi chimphona cha VC10 chimene chinkapita ku London kuyambira 1974 kufikira 1979. Amalume ati ali mwana ankachiona chimphonacho chitagonekedwa pambali pa bwalo, chosauluka, ngati ng'ombe yokalamba imene eni ache akana kuipha.

Kodi injini ya jeti n'chiyani? Ndiyo paipi yotseguka mbali zonse ziwiri. Kutsogolo kuli gudumu la mapeni ambiri lotchedwa kompuresa, limene likoka mpweya ndi kuupanikiza. Mpweya wopanikizidwawo ulowa m'chipinda cha moto, m'mene mafuta apoperedwa nayaka osazima. Mafuta ache ndi mbale wa parafini yemwe uja wa m'nyali zathu, koma woyeretsedwa bwino. Mpweya ukatentha utupa nufuna malo, tsono uthamangira kumbuyo, ndipo pa njira ugunda gudumu lachiwiri lotchedwa turbine nulizunguza. Magudumu awiriwa amangidwa pa chitsulo chimodzi, kotero kuti la kumbuyo likazungulira lizunguzanso la kutsogolo, limene likokanso mpweya wina. Wotsalawo utuluka ku mchira ndi liwiro loopsa, ndipo monga tinaphunzira pa lamulo lachitatu la Newton, mpweya ukakankhidwira kumbuyo ndege ikankhidwira kutsogolo. Ali yense amene anafufumitsapo baluni ndi kuitaya osamanga adziwa kale zimenezi.

Frank Whittle wa ku England analembetsa nzeru imeneyi mu 1930, nayatsa injini yache yoyamba mu 1937. Ku Germany nakonso Hans von Ohain anali pa nchito yomweyo payekha, ndipo ndege ya injini yache, Heinkel He 178, ndiyo jeti yoyamba kuuluka, pa 27 August 1939. Ulendo woyamba wa jeti yonyamula anthu olipira unali wa ku Africa kuno: Comet inanyamuka ku London pa 2 May 1952 kumka ku Johannesburg, ndipo pa njira inatera ku Entebbe ndi ku Livingstone, kwa anansi athu a ku Zambia.

Tsono kuli anthu m'maiko ena amene masewera ao ndiwo kupanga tindege tating'ono touluka ndi injini ya jeti yeni-yeni, mwini wache ataima pansi ndi kawailesi m'manja. Mmodzi wa oyamba kupanga injini zotere kunyumba kwache ndiye Kurt Schreckling wa ku Germany, kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndipo chondikondweretsa ine n'chakuti gudumu la kompuresa yache analisema ndi matabwa a pulayiwudi nalimanga ndi ulusi wolimba. Pambuyo pache makampani onga JetCat anayamba kuzipanga zogulitsa. Aphunzitsi athu a Fizikisi anationetsa kanema wa tindege timeneti pa foni yao, ndipo kalasi lonse linati zii. Injini yache njonenepa ngati masentimita 10 basi, ilemera pafupi-fupi kilogalamu imodzi, koma ikankha ndi mphamvu yolingana ndi kulemera kwa makilogalamu 10. Gudumu lache lizungulira koposa ka 100,000 pa mphindi imodzi. Mtengo wache upitirira madola 1,000 a ku America, chifukwa chache musaope kuti ndifuna kalabu igule imeneyi.

Chimene ndifuna mugwire ndi ichi. Kuti kilogalamu imodzi ya parafini ipse yonse, ifuna makilogalamu ngati 15 a mpweya. Koma injini ya jeti imeza katatu kapena kanai kuposa pamenepo, pakuti mpweya wambiri nchito yache si kuyaka iai, koma kuziziritsa zitsulo kuti zingasungunuke, ndi kukankhidwira kumbuyo. Kainjini ndatchula kaja, kakakhala pa liwiro lache lonse, kameza mpweya wodzaza pafupi-fupi diramu ya malita 200 pa sekondi iri yonse. Taganizani, diramu yathunthu, mutangophethira kamodzi, ilowe pa kamwa longa la kapu ya tiyi! Chifukwa chache munthu amene aika injini yotere m'mimba mwa kandege kache ali ndi bvuto lalikulu koposa la mapiko: aupezere njira mpweya wonsewo.

Amisiri a tindegeti achita mwa njira ziwiri. Ena aboola makomo m'mbali mwa thupi kuti mpweya ulowe ndi kudzaza m'mimba monse, injini n'kumakoka pomwepo. Njira imeneyi njapafupi, koma kanthu kali konse kosamangidwa m'katimo, kaya kachingwe kaya kabauti, katha kumezedwa. Ena apanga ngalande yosalala yochokera pa khomo kufikira pa injini, niizungulira injiniyo, kuti mpweya wina upite m'kati ndi wina udutse m'mbali kukaziziritsa za kumbuyo. Pa njira zonse ziwiri lamulo ndi limodzi: makomo onse pamodzi akule koposa kamwa la kompuresa, ndipo ngalande isakhale ndi makhota a dzidzidzi. Injini ikaperewera mpweya mafuta achuluka, moto utentha mopitirira, mphamvu ichepa, ndipo kakompyuta koyang'anira kutentha ndi liwiro kaizimitsa. Ikazima iri m'mwamba, mwini wache atsala ndi kawailesi m'manja.

Zimenezi ine sindinazimve zachilendo, pakuti ndinali nditazimva kale ku Lirangwe m'mau ena. Tsiku lina tikuboola sefa ya mbaula ndinafunsa kuti, "Amalume, bwanji muboola mabowo ambiri chotere? Kodi makala ang'ono-ang'ono sagwera pansi?" Iwo anaseka nati, "Mphwanga, makala sadya nsima, adya mphepo. Ukaumira mabowo waumira moto." Anandionetsanso tizitsulo titatu tokhalapo poto, nati timeneto si tokongoletsa. Poto akakhala ndithu pa mlomo wa mbaula, osasiya mpata, moto ufooka ngakhale chitseko cha pansi chiri chotsegula, chifukwa mphepo silowa m'nyumba imene iribe potulukira. Amalume sanafike ku sekondale, ndipo dzina la Whittle sanalimvepo, koma pa nkhani ya makomo awiri akadamvana naye bwino lomwe.

Koma kukula kwa khomo sindiko nkhani yonse. Palinso maonekedwe a mlomo wache, ndipo apa ndipo pagona mkangano wanga ndi anzanga. Ndege ikaima pansi isananyamuke, mpweya suchokera kutsogolo kokha. Ubwera kuchokera m'mbali, m'mwamba, pansi, ngakhale kumbuyo kwa mlomo. Wochokera m'mbaliwo uyenera kukhota kuti ulowe. Mlomo ukakhala wakuthwa ngati lata longodulidwa ndi sizasi, mpweya ulephera kukhota msanga, monga njinga yothamanga ilephera kukhota pa ngodya ya nyumba. Tsono upitirira nusiya malo akufa m'mbali mwa paipi, m'mene mungozungulira timikuntho topanda nchito, ndipo mtsinje weni-weni wa mpweya upanikizika pakati. Pa paipi yopyapyala ya mlomo wakuthwa mtsinjewo uchepa kufikira ngati theka la bowo. Ndiye kuti waboola khomo lalikulu koma ugwiritsa nchito theka lokha. Mlomo ukakhala wonenepa ndi wobulungira, mpweya uutsata bwino-bwino nudzaza paipi yonse.

Pa tchuthi chapitachi ndinafuna kuona zimenezi ndi maso. Amalume anandikhomera mapaipi awiri ofanana a lata, otalika ngati mkono. Wina anausiya wakuthwa. Winayo anautambasula mlomo ngati duwa la dzungu naupindira pa waya, monga achitira ndi mlomo wa chidebe kuti usacheke zala za otunga madzi. Makaniko wina wa pamsika anatibwereka fani yaing'ono ya galimoto yakufa ndi batire. Tinamanga faniyo m'kati mwa paipi, paipiyo tinaipachika ku denga ndi zingwe ziwiri ngati katungwe, ndipo pansi tinalemba mzera ndi khala. Titalumikiza mawaya, paipi ya mlomo wakuthwa inasendera kutsogolo pang'ono niima ikunjenjemera ndi phokoso. Titasamutsira fani yomweyo m'paipi ya mlomo wopinda, inasendera kutali koposa, ndipo phokoso linachepa. Tinabwereza kangapo, ndi kusintha-sintha, kuopa kuti kapena batire ndiyo yatinyenga, koma zinali chimodzi-modzi. Pamenepo tinayatsa koyilo wa udzudzu ndi kumuyendetsa m'mbali mwa mlomo. Pa wopindawo utsi unakwawa pa lata ngati njoka nulowa. Pa wakuthwawo unalumpha m'mphepete nusokonekera. Amalume anayang'ana nthawi yaitali osanena kanthu, kenaka anati, "Zaka zonsezi ndipinda milomo ya zidebe, ine kumayesa ndithandiza zala zokha."

Wina adzati, nanga bwanji ndege zankhondo za m'mafilimu ziri ndi milomo yakuthwa? Funso limenelo nlabwino. Ndege zothamanga koposa liwiro la mau, monga inaliri Concorde, zikomana ndi mpweya wa khalidwe lina, ndipo mlomo wakuthwa uzithandiza kuuchepetsa liwiro usanafike pa kompuresa. Koma zimenezo zibvutika pamene ziri pansi kapena ziyenda pang'ono-pang'ono, kotero kuti zambiri ziri ndi tizitseko tina totseguka pa nthawi yonyamuka kuti zipeze mpweya wokwanira. Ndege zonyamula anthu zimene zitera pa Chileka siziri za mtundu umenewo. Mukadzapita, yang'anitsitsani mlomo wa injini ya Boeing 737: ngwonenepa, wobulungira, wonyezimira. Mudzaonanso kuti pa zambiri za izo mlomowo si wozungulira ndithu, koma ngwophwatalala pansi. Anaupanga chotero kuyambira pa 737-300 m'zaka za m'ma 1980, pamene anaika injini zazikulu pansi pa mapiko a ndege ya miyendo yaifupi, kuti pakati pa injini ndi nthaka patsale mpata.

Mpatawo ngwofunika chifukwa kamwa lomeza diramu pa sekondi silisankha. Limeza pfumbi, timiyala, udzu, ngakhale mbalame. Pa 15 January 2009 ndege ya Airbus A320 itangonyamuka ku New York inagunda gulu la atsekwe, mainjini onse awiri anataya mphamvu, ndipo woyendetsa anaitsitsira pa mtsinje wa Hudson. Anthu onse 155 anapulumuka. Ngati tsekwe atha kutero ndi injini yaikulu, kamwala konga njere ya mapira katha kuswa gudumu la kainjini kozungulira ka 100,000 pa mphindi. Chifukwa chache eni tindegeti abveka kamwa la injini sefa ya waya wolukana, ngakhale sefayo ichotsako pang'ono mphamvu. Ndikaganiza za bwalo lathu la mpira mu October, pamene kamvulu-mvulu anyamula pfumbi ndi mapepala kufika pa denga la holo, ndiona kuti kuno kwathu sefa imeneyo ikadakhala chinthu choyamba kugula.

October yemweyo ali ndi bvuto lina losaoneka. Mpweya sulemera chimodzi-modzi pali ponse. M'mphepete mwa nyanja ya mchere, pa tsiku lofunda pang'ono la madigiri 15, mpweya wodzaza bokosi la mita imodzi mbali zonse ulemera makilogalamu 1.2. Chileka iri pa mtunda wa mamita ngati 780, ndipo aphunzitsi atatipatsa samuyi tinapeza kuti pa tsiku la madigiri 35 bokosi lomwelo pamenepo lingopitirira pang'ono kilogalamu imodzi. Magawo ngati 15 mwa 100 achoka. Injini imeza madiramu omwewo, koma m'diramu iri yonse muli chakudya chochepa, ngati phala la madzi, ndipo mapiko naonso agwira mpweya wopepuka. Apa ndipo VC10 ija inali katswiri. Anaipangira dala mabwalo otentha, okwera ndi aafupi a ku Africa. Mainjini ache anai a Rolls-Royce Conway anawaika ku mchira, awiri uku awiri uku, kuti mapiko akhale opanda cholendewera nanyamule bwino, ndiponso kuti makamwa a injini akhale m'mwamba, kutali ndi miyala. Mmisiri wa kandege kakang'ono amene khomo lache lingokwanira m'nyengo yozizira ya ku Ulaya, atabwera nako kuno adzapeza kuti kapuma wefu-wefu.

Tsopano za ku mchira. Mpweya wotuluka mu injini yaing'onoyo utentha madigiri 600 kapena kuposa, pamene thupi la kandege nla matabwa opepuka ndi pulasitiki. Injini ikakhala pakati pa thupi, motowo uyenera kuperekezedwa m'paipi kufikira kunja. Ndinafunsa amalume ngati angathe kukhoma paipi yotere. Iwo anati atha, koma titakhala pansi ndi buku la Kemisitiri tinaona kuti zipangizo zao sizingapirire. Mtovu umene amatira nao zidebe usungunuka usanafike madigiri 200. Zinki imene ikuta malata athu isungunuka pa madigiri 420, ndipo utsi wache udwalitsa munthu. Ngakhale aluminiyamu wa mapoto asungunuka pa 660, ndipo afewa kale asanafike pamenepo. Chifukwa chache paipi yeni-yeni aipanga ndi chitsulo chopyapyala chosachita dzimbiri, ndipo kawiri-kawiri ikhala ya makoma awiri, ina m'kati mwa inzache, kuti pakati pao pazidutsa mpweya wozizira.

Koma chimene chinandizunguza mutu ndi ichi: paipiyo sailumikiza ndi injini. Asiya danga la ngati zala ziwiri pakati pa mlomo wa injini ndi khomo la paipi, ndipo khomolo alitambasulanso ngati duwa la dzungu lija. Munthu wosadziwa angayese kuti moto udzathawira pa dangalo ndi kutentha ndege. Si chomwecho iai. Mpweya wothamanga kwambiri ukoka unzache wa m'mbali nupita nao, monga lole yothamanga pa mseu wa ku Zalewa ikokera masamba ndi pfumbi pambuyo pache. Tsono pa danga lija palowa mpweya wozizira wochokera m'mimba mwa ndege, nusakanizika ndi wotenthawo, nuziziritsa paipi. Ali yense atha kuyesa zimenezi lero lomwe popanda kulipira tambala. Tengani thumba lalitali la pulasitiki, muuziremo mutaligwirizitsa pa mlomo, muwerenge kuti mwapuma kangati kuti lidzale. Kenaka likhuthuleni, mulitsegule kukamwa, muliike patali ndi nkhope ngati chikhatho chimodzi, ndipo muuzire kamodzi mwamphamvu. Mudzaona kuti lafufuma koposa m'mene chifuwa chanu chingathere, chifukwa mpweya wa m'chipinda watsagana ndi wanu.

Kunenepa kwa paipi nakonso kufuna muyeso. Ikachepa, mpweya ubwerera m'mbuyo nutsamwitsa injini, monga poto wokhala pa mlomo wa mbaula uja. Ikakula mopitirira, mpweya utambasuka nufooka usanatuluke, ndipo mphamvu itayika, monga madzi a m'paipi ya pabwalo agwera pafupi ukachotsa chala pa mlomo. Ndiponso poyatsa injini aloza mphuno ya ndege kumene kuchokera mphepo, kuti malawi ndi mpweya wotentha zingabwerere m'thupi.

Tsono ndifike pa mkangano wathu. Mnzanga wina, amene tikhala naye desiki imodzi ndipo dzanja lache pa zojambula liposa la ife tonse, afuna kuti tigule pulayiwudi ndi penti, tipange ndege yaikulu ya mamita awiri ya mitundu ya mbendera yathu, tiipachike m'holo. Mau ache ali ndi nzeru ndipo sindiwapeputsa. Iye ati makolo athu ayenda mtunda wautali, ena a iwo sanalowepo m'kalasi, ndipo afuna kuona chinthu chimene angachizindikire ndi kuombera m'manja. Ati paipi ya lata yolendewera pa zingwe adzaiyesa chumuni chogwa pa denga la khitchini. Atinso a Hedimasitala akondwera ndi chinthu chooneka bwino pa chithunzi. Zonsezi nzoona. Ndaona chojambula chache, nchokongola ndithu, mainjini ache ali ndi timakamwa tating'ono takuthwa chifukwa ati totero tioneka taliwiro.

Ine nditi ndege imeneyo ndi ya mapesi yomwe ija, yangokula ndi kudzola penti. Mlendo adzaiyang'ana mphindi imodzi napita, ndipo ife amene taipanga tidzadziwa zimene tinadziwa kale ku ubusa. Ndarama zomwezo zitha kugula fani ndi batire zathu-zathu, pakuti zija tinabweza kwa mwini wache. Tikatero tidzapachika mapaipi atatu kapena anai a milomo yosiyana, wina wakuthwa, wina wopinda, wina wokhota, wina wobvala sefa, ndipo mlendo adzalumikiza yekha waya naona yekha kuti ndi uti usendera kutali. Adzagwira yekha koyilo naona kumene utsi upita. Za makolo osaphunzirawo ine sindida nkhawa. Mai amene aphika pa mafuwa tsiku ndi tsiku, bambo amene anaotchapo uvuni wa njerwa ndi kudziwa kuti makomo ache ayang'ane kuti, mlimi amene anachizapo fodya m'balani ya mapaipi, onsewa adzamva nkhaniyi msanga koposa ena a ife a Fomu 3. Ndaona kale m'mene amalume anaimvera.

Ena m'kalabu ati kodi mwana wa ku Madziabango za jeti adzapita nazo kuti? Ine sindinena kuti tidzapanga jeti chaka chino. Koma William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu anali ndi zaka 14 pamene anapanga makina a mphepo opatsa magetsi ndi zitsulo zotola, ndipo chimene anayamba kudziwa ndicho khalidwe la mphepo pa mapeni ozungulira. Mu 2017 boma ndi UNICEF anapatula dera ku Kasungu komweko loyeserako madironi, ndipo mu January 2020 ku Lilongwe kunatsegulidwa African Drone and Data Academy, kumene achinyamata anayamba kuphunzira kupanga ndi kuulutsa tindege timeneti. Madironi ayenda ndi batire ndi mapulopela, si jeti iai, koma mpweya umene akankha ndi womwewu. Ndipo tisanafike kutali konseko, khitchini ya sukulu yathu ino idzaza utsi masana ali onse kufikira ophika atuluka misozi. Amene adziwa za khomo lolowera ndi lotulukira atha kuyang'ana chumuni chija ndi kunenapo kanthu.

Kalabu idzagamula nkhaniyi pa msonkhano woyamba wa teremu ikudzayi, Lachitatu titaweruka, ndipo a mafomu onse aloledwa kubwera ngakhale sanalembetse. Ine ndidzabwera ndi mapaipi awiri aja ndi thumba la pulasitiki. Amene angapeze batire ya njinga yamoto yobwereka tsiku limodzi andiuze msanga. Ngati maganizo anga apambana, mnzanga wojambula uja ndampempha kale kuti adzajambule m'kati mwa injini pa pepala lalikulu loika kumbuyo kwa mapaipi, ndipo sanakane, angoti tidzaona Lachitatu. Amalume alonjeza kupinda milomo ya mapaipi ena popanda malipiro, malinga tibweretse lata lathu, ndipo anenetsa kuti la dzimbiri lochotsa pa denga la bafa iwo sadzaligwira.